Mutu 9: Chumuni Chikakumana ndi Mtanda wa Denga

Chumuni chilibe injini kapena fani yokankha utsi. Chimene chimatulutsa utsi m'nyumba ndi kutentha basi. Mpweya ukatenthedwa umapepuka, ndipo ukakhala mkati mwa paipi yoimirira umathamangira kumwamba, n'kusiya mpata kumunsi woti mpweya wozizira ulowe m'moto. Zikamayenda chonchi amisiri amati chumuni chikukoka. Koma mphamvu yokokayo ndi yochepa modabwitsa. M'chumuni chotalika mamita 4.5, chimene utsi wake watentha madigiri 200, mphamvuyo imangokwanira kukweza madzi mamilimita awiri okha m'kapaipi kopyapyala. Ku Lusaka imacheperanso, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchoka pamene pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wopepuka kale ndi pafupifupi 14 peresenti. Chumuni chimene chingakoke bwino ku Beira kapena ku Dar es Salaam chingathe kuchita ulesi m'komboni ya Kalikiliki mu Lusaka.

Pa mphamvu yochepa chonchi, chilichonse choima panjira ya utsi chimadyapo gawo lake. Utsi m'chumuni uli ngati wilibala yodzaza matumba a makala m'tinjira ta m'komboni: pamsewu woongoka imayenda ndi liwiro lake, koma pakona iliyonse wokankhayo amayamba waima n'kuyambiranso kudzikoka. Ichi n'chifukwa chake chumuni choongoka chimaposa china chilichonse. Vuto ndi lakuti denga silimangidwa moganizira utsi. Pamwamba pa malo amene mayi akufuna kuphikira pamapezeka mtanda, waya wa magetsi kapena paipi ya madzi, ndipo apa ndi pamene luso lokhotetsa chumuni limafunika.

Machumuni a mu Lusaka

Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, ndipo nyumba zambiri zimene zinamangidwira azungu ogwira ntchito m'boma m'madera monga Ridgeway, Rhodes Park, Woodlands ndi Kabulonga zinali ndi malo oothera moto pabalaza, okhala ndi chumuni cha njerwa chotulukira pamwamba pa denga. Machumuni amenewo ankajambulidwa papulani nyumba isanamangidwe, kotero mitanda ya denga ndi imene inkapatukira chumuni. Ku Kalikiliki, komboni imene yachita malire ndi Kabulonga yemweyo komanso Mtendere, zinthu zimayenda mosiyana. Nyumba imayamba ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri za mabuloko, kenaka mwini wake akapeza kangachepe amawonjezera china, n'kudzawonjezeranso cha alendi. Chumuni chikamabwera chimapeza zonse zili kale m'malo mwake, ndiye chopatuka ndi icho.

M'makomboni a Lusaka moto wa tsiku ndi tsiku ndi wa pambaula, ndipo makala, amene ambiri mumzindawu amawatchula kuti malasha, ndiwo amaphika nsima ya mabanja ochuluka. Mbaula ilibe chumuni. Ofuna chumuni ndi ena: ophika mabanzi ndi masikono mu uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba, amalesitilanti a nsima m'misika, masukulu ndi mipingo yophikira anthu ambiri m'miphika ikuluikulu, ndiponso mabanja amene amanga khitchini yotseka n'kuona kuti utsi ukuwatsamwitsa. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2015, 2019 ndi 2024, pamene madzi anachepa m'damu la Kariba, kunabwezera ku makala ndi nkhuni ngakhale anthu amene anazolowera sitovu ya magetsi.

Kutulutsa utsi panja si nkhani ya ukhondo wa makoma okha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba. Kafukufuku wa ku Guatemala amene anatsogoleredwa ndi Kirk Smith, wofalitsidwa mu 2011, anapeza kuti m'nyumba zimene zinapatsidwa masitovu a chumuni chibayo choopsa cha ana chinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kafukufuku wina anachitikira ku Chikwawa ndi ku Karonga m'dziko la Malawi pa ana oposa 10,000, pogwiritsa ntchito masitovu oyaka bwino koma opanda chumuni, ndipo chibayo sichinatsike. Makala nawo ali ndi chiwembu chawochawo: akayaka bwino saonetsa utsi, koma amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene usiku wa ku Lusaka umazizira kufika madigiri 10 kapena kutsikirapo, anthu olowetsa mbaula m'chipinda chotseka amatha kugona osadzukanso.

Zimene zimatchinga njira

Zotchinga zina zili mkati mwa nyumba, zina zili pamwamba pa malata. Mkati, choyamba ndi mitanda ikuluikulu yonyamula denga, ndi timitanda topingasa timene malata amakhomedwapo. Matabwa ambiri ogulidwa pamsika wa Buseko ndi m'misika ina ndi a paini kapena bulugama ochokera m'nkhalango zobzalidwa za ku Copperbelt. Paini ali ndi utomoni ndipo akauma sachedwa kugwira moto. Chachiwiri ndi konkire ya zitsulo imene imazungulira pamwamba pa makoma, imene omanga ambiri amaitchula kuti lintala. Chachitatu ndi mawaya a magetsi odutsa m'denga. Pulasitiki yokutira mawaya wamba a m'nyumba inapangidwa kuti ipirire kutentha kwa madigiri 70 okha, pamene paipi ya utsi imapitirira 200 mosavuta.

Pamwamba pa malata pali waya wa kampani ya magetsi ya ZESCO wochokera papolo, dishi ya TV, sola, nthawi zina thanki ya madzi, ndi nthambi za mango kapena mapeyala. Palinso chotchinga china chimene mabuku a kunja satchula kawirikawiri koma ku Kalikiliki n'chachikulu: khoma ndi zenera la neba. Mapoloti ndi opanikizana moti madenga a nyumba ziwiri amatha kutsala pang'ono kugundana.

Kuyeza lata lisanabooledwe

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi sizasi yodulira malata. Amatenga kachingwe, n'kumangirira nati kapena kamwala kunsonga, n'kukwera pamakwerero. Amagwirizitsa chingwecho kunsi kwa lata ndi kuchisuntha pang'onopang'ono mpaka natiyo italendewera pakati penipeni pa kamwa ya sitovu pamene paipi idzayambire. Ikasiya kugwedezeka amalemba chizindikiro pa latalo ndi choko kapena khala. Pamenepo ndi pamene chumuni choongoka chingatulukire. Kenaka amayeza ndi tepi kuchoka pachizindikirocho kufika pathabwa lililonse loyandikira, pa waya uliwonse, ndipo amatuluka panja kukaona zimene zili pamwamba pa malowo.

Chizindikiro chikagwera pamtanda, mankhwala otchipa kuposa onse ndi kusuntha sitovu. Uvuni umene sunamangidwe, kapena sitovu yachitsulo yonyamulika, ukhoza kusendezedwa masentimita 30 kapena 40 ndipo nkhani yonse yatha. Eni nyumba ambiri amakana chifukwa anakonza kale kuti kabati ikhala apa, tebulo apo. Kukana kotereku n'kodula, chifukwa kabati imasunthidwa tsiku limodzi pamene chumuni chokhota chimavutitsa zaka zonse zimene chilipo. Chotchinga chikakhala waya wa m'nyumba kapena paipi ya madzi, n'kwapafupinso kuitana wamagetsi kapena pulambala kuti adutsitse kwina.

Chimene sichiyenera kuchitika ndi kudula mtanda wonyamula denga. Mitanda imeneyi imagwirana mwa makona atatu, ndipo thabwa lililonse limakoka kapena kukankha linzake. Limodzi likadulidwa denga siligwa tsiku lomwelo. Limayamba kubwanyuka pang'onopang'ono, misomali ya malata imamasuka, madzi amayamba kudontha, ndipo mphepo yamkuntho ya kumayambiriro kwa dzinja imadzamaliza ntchito. Kamtanda kopingasa kokha ndi kamene kalipentala angadule, atayamba wakhoma matabwa ena mbali zonse ziwiri kuti alandire katundu wake. Lintala nayo sibooledwa, chifukwa zitsulo zake ndi zimene zimagwira makoma kuti asatseguke.

Kukhotetsa paipi

Zonsezi zikakanika, paipi imapatutsidwa ndi mabendi awiri. Bendi yoyamba imaichotsa pamzere woimirira, kachidutswa kopendekeka kamaipititsa kumbali, ndipo bendi yachiwiri imaibwezera kuti iimenso chilili. Mayiko amene amaotha moto m'nyumba miyezi yambiri anaika malire pa kupendekaku. Ku America machumuni opangidwa kufakitale amagulitsidwa ndi mabendi a madigiri 15 kapena 30, ndipo malamulo awo salola kupitirira 30 kuchoka pamzere woimirira. Ku England malire ndi madigiri 45, mabendi asapitirire anayi pa chumuni chonse. Malamulo amenewa si a Zambia, koma utsi wa ku Lusaka umayenda mofanana ndi wa kumeneko, ndipo manambalawo ndi poyambira pabwino.

Masamu ake si ovuta. Tiyerekeze kuti paipi iyenera kupatuka masentimita 30 kuti ilambalale mtanda. Pa madigiri 45, chigawo chopendekeka chimatalika masentimita 42 ndipo chimakwera masentimita 30. Pa madigiri 30 chimatalika masentimita 60, kawiri mtunda wopatukawo, ndipo chimakwera masentimita 52. Pa madigiri 15 chimafika masentimita 116. Kupendeka pang'ono kumakomera utsi koma kumafuna malo aatali kumwamba, ndipo nyumba za m'komboni n'zazifupi. Pakati pa sitovu ndi malata nthawi zambiri pamakhala mamita osakwana awiri. Mmisiri amasankha kupendeka kochepetsetsa kumene malowo angalole.

Malo oika bendi nawo ndi ofunika. Utsi ukangotuluka m'moto umafuna kaye mpata woongoka kuti upeze liwiro, choncho bendi yoyamba isakhale pakamwa penipeni pa sitovu. Ku England amalangiza kuti paipi iyambe yakwera masentimita 60 isanakhote. Mabendi onse awiri ndi bwino akhale m'chipinda momwe maso akuona, osati m'denga mobisika, chifukwa polumikizira ndi pamene utsi umathawira ndipo pokhota ndi pamene mwaye umaunjikana.

Mapaipi ambiri a m'makomboni sachokera kufakitale. Amapindidwa ndi amisiri osula zitini ndi mbaula, kapena kuwotcheredwa ndi anyamata a zitsulo ngati amene amagwira ntchito m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Wogula ayenera kupita ndi miyezo yolembedwa papepala: kukula kwa paipi, madigiri a bendi ndi utali wa kachidutswa ka pakati. Akangonena kuti akufuna bendi, nthawi zambiri amapatsidwa ya madigiri 90 ngati ya mapaipi a madzi, imene imagoneka utsi chammbali. Paipi ikhale yofanana kukula kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo isachepe kuposa kamwa ya sitovu. Chitsulo chakuda chokhuthala chimaposa lata lonyezimira la padenga, chifukwa lata lotere n'lokutidwa ndi zinki amene akapsa amatulutsa utsi wodwalitsa mutu ndi chifuwa, ndipo zinkiyo akatha latalo limachita dzimbiri msanga. Mapaipi a pulasitiki ndi a asibesitosi sayenera ngakhale kuganiziridwa.

Pali kanthu kena kamene ambiri amalakwitsa chifukwa maganizo amawauza zosiyana. Polumikiza zidutswa, nsonga yopanikiza ya paipi yam'mwamba ndi imene imalowa mkati mwa paipi yam'munsi. Munthu amaona ngati utsi uthawira pamenepo, koma chumuni chokoka bwino chimayamwira mpweya mkati pa mpata uliwonse. Chifukwa chake ndi madzi akuda onunkha amene amatsika m'paipi utsi ukazizira. Zidutswa zikalumikizidwa mozondoka madziwo amatulukira panja n'kuyenderera pa paipi, kudontha pamphika ndi kudetsa khoma ndi mizere ya bulauni imene penti saibisa. Polumikizira paliponse pamangidwe ndi mariveti atatu.

Chigawo chopendekeka chimafuna chochigwira. Paipi yoimirira imadzinyamula yokha, koma ikakhota kulemera konse kwa kumwamba kumagwera pabendi ndi kuikanula. Pamwamba pa bendi yachiwiri paikidwe lamba wachitsulo womangiriridwa kukhoma ndi timikono tachitsulo, kuti katundu wa kumwamba akhale pakhomapo. Kumangirira paipi yotentha kuthabwa ndi waya, monga zimachitikira m'malesitilanti ena a m'misika, ndi kuitana moto.

Mtunda wa pakati pa paipi ndi thabwa

Kulambalala mtanda sikutanthauza kudutsa pambali pake mongoulewa. Thabwa lokhala pafupi ndi paipi yotentha limauma, kenaka limada pang'onopang'ono n'kusanduka ngati khala, ndipo pakapita miyezi kapena zaka limatha kuyaka pa kutentha kumene poyamba linkapirira. Nyumba imapsa usiku wina moto wa m'sitovu uli wa masiku onse, eni ake n'kumadabwa.

Paipi ya chitsulo chimodzi imafuna mpata wa masentimita 45 kuchoka ku chilichonse chimene chingapse. Ku England amawerengera mpatawu pochulukitsa katatu kukula kwa paipi, zimene pa paipi ya masentimita 15 zimabweretsa yankho lomwelo. Ndiye kuti paipi yoteroyo, kuti idutse pakati pa matabwa awiri, pamafunika danga la masentimita 105. Timitanda ta malata sitimatalikirana choncho m'nyumba zambiri. Njira yake ndi paipi ya zitsulo ziwiri, ina mkati mwa inzake, pakati pake atadzazapo ubweya wa miyala wosagwira moto. Yopangidwa kufakitale imangofuna mpata wa masentimita 5. Yopangidwa ndi mmisiri wa pamsika sinayesedwe ndi wina aliyense, choncho ipatsidwe mpata wokulirapo, ndipo thabwa loyandikira litchingidwe ndi lata lokhomedwa mosiya kampata ka mpweya kumbuyo. Lata lokhomedwa mogunda thabwa silitchinga kanthu, limangopititsa kutenthako. Siling'i ya matabwa opyapyala kapena ya pulasitiki, ndi mapepala apulasitiki amene ena amayala kunsi kwa malata, zidulidwe patali ndi paipi ndipo dangalo litsekedwe ndi chitsulo.

Chumuni cha njerwa

Uvuni wa mabanzi nthawi zambiri umakhala ndi chumuni chomanga. Mabuloko a simenti, amene ndiwo amamanga Kalikiliki yense, sayenera pantchitoyi: amang'ambika ndi moto, ndipo mabowo awo amasocheretsa utsi n'kukautulutsira kwina. Pamafunika njerwa zootcha, zomangidwa ndi dothi losakaniza mchenga kumunsi kumene moto umafika, ndipo mkati mwake muzilidwe mosalala.

Njerwa sizikhota mosavuta ngati chitsulo. Womanga amasuntha mzere uliwonse masentimita awiri kapena atatu kupitirira wa pansi pake, kotero kupatuka masentimita 15 kumadya mizere isanu mpaka isanu ndi itatu. Malire ake ndi akuti pakati pa bowo la kumwamba pasapitirire pakati pa khoma la chumuni la kumunsi. Kupitirira apo kulemera kumakhala kunja kwa maziko ndipo chumunicho chimayamba kuwerama. Mtanda ukakhala kuti ukufuna kupatuka kwakukulu, njerwa zilekere pansi pa denga, pamwamba pake paikidwe chitsulo chafulati chokhala ndi kamwa, ndipo ulendo wotsalawo upitirire ndi paipi.

Kutulukira pakhoma

Nthawi zina denga limakhala losati n'kuboola. Mwina ndi la asibesitosi, ngati la nyumba zakale za khonsolo ku Matero ndi ku Chilenje, limene mapepala ake akale amagulitsidwanso m'makomboni. Fumbi lotuluka podula asibesitosi limayambitsa khansa ya m'mapapo patapita zaka zambiri. Mwina mwini sitovu ndi mlendi ndipo a landilodi akaniza kukhudza malata awo. Pamenepo paipi imatulukira pakhoma, pansi pa lintala, n'kukwera chakunja.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Chigawo chodutsa pakhoma chikhale chachifupi kwambiri ndipo chizikwera, makamaka pa madigiri 45. Ngati chagona, chikwere masentimita awiri pa mita iliyonse. Kunja, pamene paipi ikukhotera kumwamba, paikidwe cholumikizira cha nthambi zitatu chokhala ndi chivundikiro kunsi kwake, chotsegula pochotsa mwaye. Paipi ya panja imazizira msanga, makamaka m'mawa wa mu Juni, ndipo utsi wozizira sukwera. Choncho iyenera kukutidwa kapena kukhala ya zitsulo ziwiri. Iyeneranso kulambalala nsonga ya malata yotulukira kunja kwa khoma, imene ili ndi matabwa ake, ndi kupitirira pamwamba pa denga. Kapaipi kongotulukira pakhoma n'kuthera pomwepo si chumuni. Mphepo ikawomba khomalo utsi wonse umabwerera m'nyumba, ndipo ikawomba kwina utsiwo umalowa pazenera la neba kapena kudetsa zovala zake pachingwe, mlandu n'kukafika kwa atcheyamani a m'dera.

Alimi a fodya wa m'mabani ku Eastern Province amaidziwa bwino nkhaniyi. M'bani mapaipi amagona pansi dala kuti atenthetse masamba, ndipo chimene chimakoka utsi m'njira yonse yogonayo ndi chumuni chachitali choima panja. Paipi ikagona kwambiri kapena kukhota kwambiri, utali wa chumuni ndi umene umalipira.

Pamwamba pa denga

Lamulo lofala la utali ndi la ku America, ndipo m'miyezo yathu limati: chumuni chipitirire masentimita 90 kuchoka pamene chatulukira padenga, ndipo chipose ndi masentimita 60 chilichonse chimene chili pamtunda wa mamita atatu kuchoka pa icho. Chilichonse ndiye kuti nsonga ya denga, thanki, khoma la neba kapena mtengo. Chifukwa chake ndi mphepo. Ikagunda chinthu chachitali imazungulira n'kutsika kuseri kwake, ndipo chumuni chokhala m'dera limenelo chimalandira mphepo yolowa m'malo motulutsa utsi. Ku Lusaka mphepo ya m'chilimwe imachokera kwambiri kum'mawa ndipo imalimba mu Ogasiti ndi Sepitembala. Nyumba ya neba yaitali ikakhala mbali imeneyo, chumuni chiyenera kukwezedwa kapena kutalikitsidwa nayo. Chumuni chokhala ndi mabendi chiwonjezeredwe utali kuposa choongoka. Paipi yotalika kupitirira mita ndi theka pamwamba pa malata imangiriridwe ndi timikono tachitsulo tiwiri kuti mphepo isaigwetse.

Waya wa ZESCO ndi chotchinga chimene chingaphe mmisiri nthawi yomweyo. Paipi yachitsulo yaitali, yonyamulidwa ndi munthu woima pamalata, ikangokhudza waya wosupuka nkhani yathera pomwepo. Utsi wotentha umawononganso pang'onopang'ono chokutira wayayo. Chumuni chituluke kutali ndi waya ndipo chisakhale kunsi kwake. Waya wochokera papolo kufika pamita ndi wa ZESCO, ndipo ousuntha ndi iwo okha.

Poboola lata, bowo likhale pafupi ndi nsonga ya denga ngati n'kotheka, chifukwa kumeneko madzi oyenderera ndi ochepa. Kuzungulira paipi kumaikidwa chitsulo chafulati chokhala ndi khosi. Mbali yake yakumtunda imalowa kunsi kwa lata la pamwamba kapena kunsi kwa chivundikiro cha pansonga, ndipo mbali yakumunsi imakhala pamwamba pa malata, kuti madzi adutse osapeza polowera. Pamwamba pa khosilo, pa paipi penipeni, pamamangidwa kamkombero kotsetsereka kothamangitsa madzi otsika ndi paipiyo. Ambiri amangomata simenti kapena phula pabowo. Paipi imafufuma ikatentha n'kubwerera ikazizira, ndiye simenti imang'aluka mvula yoyamba ya mu Novembala isanathe, pamene phula limasungunuka ndipo lingathe kuyaka. Pansonga pa chumuni pamakhala kachipewa koletsa mvula, kokwezedwa pa timiyendo kuti mpata wotulukira utsi usachepe kuposa kukula kwa paipi.

Mwaye

Bendi iliyonse ndi nkhokwe ya mwaye. Nkhuni zaziwisi ndi moto wonyeka mofooka zimasiyanso phula lakuda lomata mkati mwa paipi, ndipo phula limeneli likagwira moto chumuni chimalira ngati chimphepo n'kutentha kupitirira madigiri 1,000. Mbiri ya ku London ikuonetsa kumene machumuni okhotakhota amafikitsa anthu. Nyumba za kumeneko zinali ndi njira za utsi zopapatiza ndi zokhota moti burashi sinkadutsa, choncho ankalowetsamo ana aang'ono kuti akapale mwaye ndi manja. Mu 1775 dokotala Percivall Pott anaonetsa kuti mwayewo unkayambitsa khansa mwa anthu ogwira ntchitoyi, koma mchitidwewo unatha pambuyo pa lamulo la mu 1875. Lero yankho lake ndi kuganizira kuyeretsa pa tsiku lomanga: pafupi ndi bendi pakhale kachitseko kotsegula, kapena chigawo chopendekeka chikhale chotheka kumasula. Wophika mabanzi tsiku ndi tsiku ayenera kuyang'ana m'paipi mwezi uliwonse. Pakhomo wamba, kuyeretsa nyengo yozizira isanayambe ndi itangotha n'kokwanira.

Ntchito ikatha chumuni chimayesedwa moto weniweni usanakolezedwe. Mmisiri amayatsa nyuzipepala pakamwa pa sitovu kuti atenthetse paipi, kenaka amaikapo masamba aawisi kuti pachite utsi wambiri, wina ali panja kuyang'ana pansonga, wina ali mkati kuyang'ana polumikizira paliponse ndi m'denga. Kuyesaku kuchitike chitseko ndi mazenera zili zotseka, monga mmene zimakhalira usiku wa mu Julaye. Utsi ukamabwerera chitseko chili chotseka koma n'kumakwera chikatsegulidwa, vuto si chumuni ayi, koma chipindacho chilibe polowera mpweya. M'nyumba zambiri maventi a pakhoma anatsekedwa ndi nsanza kapena makatoni pothawa mphepo ndi fumbi. Chumuni chimatulutsa mpweya wofanana ndi umene walowa, choncho venti imodzi ya m'chipinda chophikira iyenera kukhala yotsegula chaka chonse.